Mlandu Suwola: Mbiri ya Bwalo la pa Boma la Mangochi

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwambi umenewu ukuyenera anthu ambiri a kunyanja amene amapita ku Boma la Mangochi mwezi ndi mwezi, ena kukagulitsa nsomba, ena kuchipatala, ena kubanki, koma osaimako ndi tsiku limodzi lomwe pa bwalo lija lili kufupi ndi mlatho kuti aone zimene zidaimikidwapo. Kuchokera ku Nkopola ndi ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 20, kutsata msewu wochokera ku Monkey Bay, kudutsa m'midzi ya malambe ndi migwalangwa. Minibasi ikatsitsa munthu m'tauni, wakabaza amamufikitsa pamalopo m'mphindi zochepa. Zimene amapezapo ndi nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi, mfuti yaikulu ya pasitima, chikumbutso cha anthu amene adamira m'nyanja, nyumba zakale za makhonde, ndi mtsinje wa Shire ukutsetsereka mwakachetechete kulowera ku nyanja ya Malombe.

Malo amenewa akhala likulu la ulamuliro ndi milandu ya dera lakummwera kwa nyanja kwa zaka zoposa 120. Pano mpamene anthu ankadzera msonkho, mpamene ankaitanidwa kudzayankha milandu, mpamenenso asilikali ankakwerera sitima popita ku nkhondo. Tsono mdzukulu wofuna kumva mbiri ya malowa ayenera kuchita monga ankachitira akuluakulu a pabwalo la mfumu: kumvetsera mboni zimene zafika, kenaka nkufunsa za mboni zimene sizidaitanidwe. Zipilala ndi mboni za mbali imodzi, pakuti zimanena zokhazo zimene wozimanga adafuna kuti zikumbukiridwe.

Kumene kudachokera liwu loti boma

Lero munthu akati boma amatanthauza olamulira dziko, kapena tauni imene kuli maofesi a DC. Pali ena amene amaphunzitsa ana kuti liwuli ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi, koma zimenezo nzongopeka. Liwuli lidadza ndi Chiswahili, ndipo linkatanthauza linga kapena mpanda wa mitengo wotchinjiriza anthu ndi ziweto. Azungu oyamba olamulira dziko lino ankakhala m'malinga otere pamodzi ndi asilikali awo, ndipo anthu akamanena kuti wakutiwakuti waitanidwa ku boma ankanena za kumpanda kuja. Pang'ono ndi pang'ono dzina la mpanda lidasanduka dzina la ulamuliro weniweniwo. Choncho m'liwu lomwelo muli mbiri: ulamuliro watsopanowu udayambira kuseri kwa mpanda, mfuti zitaloza kunja.

Doko la Mponda

Boma lisanabwere, malo ano adali kale ofunika chifukwa cha mtsinje. Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi chakumpoto pang'ono kwa tauniyi, ndipo aliyense wochokera kuzambwe wofuna kupita kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa kapena ku Quelimane, ankayenera kupeza pooloka. Eni malo akale adali Anyanja, asodzi ndi alimi. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 kudafika Ayao kuchokera kuvuma, m'dziko limene lero ndi Mozambique, ndipo mfumu Mponda idakhazikika kutsidya la kuzambwe kwa mtsinje nkuyamba kulamulira doko. David Livingstone adaona nyanja ya Malawi koyamba mu Seputembala 1859 kufupi ndi malo omwewa, ndipo mu 1866 adachezera mudzi wa Mponda. Mu Okutobala 1875 kasitima ka Ilala, konyamula Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia, kadadutsa pamudzipo popita ku Cape Maclear.

Chuma cha Mponda, monganso cha Makanjira kugombe la kuvuma ndi Jalasi kumapiri, chidali pa malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, zimene ankasinthanitsa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Apa mpofunika kunena zoona popanda kupsatira: padoko limeneli padaoloka anthu ambirimbiri ali m'magoli, ana atalekanitsidwa ndi amayi awo, ndipo sadabwererenso. Iwowa ndiwo mboni zoyamba zimene zilibe chipilala pa bwalo la Boma.

Mu 1891 dziko la Britain lidalengeza kuti dera lino lili m'manja mwake, ndipo Harry Johnston ndiye adatumidwa kudzalamulira. Mu Okutobala chaka chomwecho iye adafika kwa Mponda ndi asilikali ochokera ku India otsogozedwa ndi kaputeni Cecil Maguire. Adamanga linga kutsidya la kuvuma, moyang'anizana ndi mudzi wa mfumu, nalitcha Fort Johnston, ndipo posakhalitsa mizinga idalira pamudzipo. Koma mafumu a kuno sadagonje msanga. Mu Disembala 1891 Maguire adaphedwa pomenyana ndi anthu a Makanjira m'mphepete mwa nyanja. Mu 1892 anthu a Jalasi adabweza gulu la asilikali limene lidakwera kumapiri kwawo, nalanda ndi mzinga womwe. Makanjira adagonjetsedwa mu 1893, ndipo Jalasi adachotsedwa paphiri la Mangochi mu 1895 nathawira ku dera la Apwitikizi. Zaka za m'ma 1890 zisanathe, Boma lidasamutsidwa kuchoka palinga loyamba lija kubwera kutsidya lino, pamene pali tauni lero.

Kodi nkhondo zimenezi zidali zothetsa ukapolo kapena zolanda dziko? Woweruza wachilungamo anganene kuti zidali zonse ziwiri. Magoli adathadi, ndipo chimenecho nchosayenera kuchipeputsa. Komanso doko, nyanja ndi mphamvu yoweruza milandu zidachoka m'manja mwa eni dziko kupita m'manja mwa alendo amene sadapemphe chilolezo kwa munthu.

Mabwalo awiri

Kale mlandu unkakambidwa pansi pa mtengo, pabwalo la mfumu. Wodandaula sankabwera yekha, ndipo wodandaulidwa sankaimanso yekha. Aliyense ankadza ndi ankhoswe ndi abale ake, chifukwa cholakwa cha munthu mmodzi chinkakhudza mbumba yonse. Nduna zinkafunsa mafunso, mboni zinkalankhula, miyambi inkaponyedwa uku ndi uku, ndipo mfumu inkalankhula pomalizira itamva maganizo a akuluakulu, poti mutu umodzi susenza denga. Cholinga chidali choti anthu amene mawa adzakumane kumaliro ndi kudambwe athe kupatsananso moni. Nchifukwa chake milandu yambiri inkathera pa chipepeso cha nkhuku, mbuzi kapena makasu. Ngati wolakwa wamwalira asanalipe, abale ake ankasenza ngongoleyo, ndipo apa mpamene padachokera mawu oti mlandu suwola.

Bwalo limeneli lidalinso ndi zipsera zake. Munthu woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa mwavi, ndipo osalakwa ambiri adafa nawo. M'nyengo ya malonda a akapolo, mlandu waung'ono unkatha kukulitsidwa dala kuti banja lilipe munthu m'malo mwa mbuzi.

Bwalo la pa Boma lidadza ndi kachitidwe kena. Mzungu wolamulira dera poyamba ankatchedwa Collector, kutanthauza wotolera msonkho, ndipo dzinalo lidasintha kangapo mpaka kufika pa DC. Munthu mmodzi yemweyo ndiye ankatolera msonkho, kulamula apolisi, kuweruza milandu ndi kuyang'anira ndende. Wozengedwa ankaima yekha patsogolo pa tebulo, opanda nkhoswe, mawu ake akudutsa m'kamwa mwa womasulira. Chilango chidali faindi, chikoti kapena ndende ya ntchito yakalavulagaga. M'zaka za m'ma 1890 msonkho udakhazikika pa masheleni 3 pa nyumba iliyonse pachaka, ndalama yofanana ndi malipiro a mwezi wathunthu kwa wantchito wamba wa nthawiyo. Amesenjala ndi apolisi ankayendera midzi kufunafuna olephera kukhoma, ndipo m'madera ambiri a dziko lino nyumba zinkatenthedwa, akazi nkugwidwa ngati chikole kufikira amuna awo atalipira. Msonkho umenewu ndiwo udatulutsa amuna ambiri m'midzi kupita ku minda ya azungu ku Thyolo ndi Mulanje, ndiponso ku migodi ya ku Salisbury ndi Joni.

Pali zina zimene Boma lidakonza. Lamulo la mu 1911 lidaletsa kumwetsa mwavi. Koma patapita nthawi azungu adazindikira kuti DC mmodzi sangathe milandu yonse ya maukwati, minda ndi maukonde, ndipo mu 1933 adakhazikitsa malamulo opatsa mafumu akuluakulu mabwalo ovomerezeka, okhala ndi kalaliki ndi buku lolembamo zigamulo. Kuyambira pamenepo munthu wa kunyanja adakhala pakati pa mabwalo awiri: la mfumu pa nkhani za pamudzi, la pa Boma pa milandu ikuluikulu. Mpaka lero anthu amasiyanitsa mlandu wothera kwa anyakwawa ndi mlandu wopita kwa majisitireti.

Nsanja ndi mfuti

Nsanja ya wotchi idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene idamwalira mu 1901. Mfumukaziyi sidapondeko m'dziko lino. Amene adaumba njerwa, kuziotcha ndi kuzisenza adali anthu a m'midzi yozungulira, ndipo mdzukulu woyang'ana nsanjayo azikumbukiranso manja amenewo. Wotchiyo payokha idali phunziro latsopano. Msodzi ankadziwa nthawi poyang'ana dzuwa, mwezi ndi mphepo, koma pa Boma ofesi inkatsekulidwa ndi ola, mlandu unkayamba ndi ola, ndipo wochedwa ankapalamula mlandu wina.

Pafupi ndi nsanja pali mfuti ya mtundu wa Hotchkiss imene idali pa sitima yankhondo ya Guendolen. Sitimayi idabwera m'zidutswa kuchokera ku Britain, nilumikizidwa kuno ku Fort Johnston, ndipo idalowa m'madzi mu 1899. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, kaputeni wake Edmund Rhoades adalamulidwa kukaononga sitima ya Majeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Adaipeza ili pamtunda ikukonzedwa padoko la Sphinxhafen, limene lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania, ndipo adaiombera. Nkhani imanenedwa kuti kaputeni wa Chijeremani, a Berndt, amene adali bwenzi la Rhoades lomwera limodzi, adali asanamve kuti kwagwa nkhondo, ndipo adapalasa bwato kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera. M'malo mwa yankho adamva kuti tsopano ndi mkaidi. Olemba mbiri ambiri amaiwerenga ngati nkhondo yoyamba ya pamadzi imene Britain adapambana m'nkhondo yaikuluyo. Wofuna kuona zambiri za sitimayi angalowe m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili chapafupi, m'nyumba imene kale idali kalabu ya azungu.

Nkhani ya akaputeni awiri ija imaseketsa, koma zimene zidatsatira sizidali zoseketsa. Kupambana kwa Guendolen kudatsekula nyanja kuti asilikali ndi katundu azipita kumpoto, kumene nkhondo idamenyedwa ku Karonga mu Seputembala 1914 nkupitirira m'dziko la Majeremani. Kumene sitima inkalekezera, katundu ankayenda pamitu ya anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko lino adatengedwa ngati amtengatenga m'zaka za nkhondoyo, ambiri mokakamizidwa kudzera mwa mafumu ndi ma DC, ndipo ochuluka adafa ndi njala, kamwazi ndi kutopa. M'busa John Chilembwe adalemba kalata mu Novembala 1914 yodandaula kuti amphawi a kuno akufera nkhondo imene si yawo, ndipo mu Januwale 1915 adaukira boma. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Mfuti ija idasungidwa ndi kuikidwa poonekera, koma manda a amtengatenga ambiri sadziwika pamene ali.

Chikumbutso cha Vipya

Mboni yachitatu pabwalopa ndi chikumbutso cha sitima ya Vipya. Iyi idali sitima yatsopano yonyamula anthu ndi katundu, imene idangoyamba kumene maulendo ake mu 1946. Pa 30 Julayi chaka chomwecho, m'nyengo ya mwera, idakumana ndi namondwe itachoka ku Mbamba Bay, ndipo idagubuduzika nkumira kufupi ndi Florence Bay, kugombe la kumpoto, kumunsi kwa phiri la Livingstonia. Anthu 145 adafa, ndipo ngoziyi ndi imodzi mwa zoopsa zedi m'mbiri ya maulendo a panyanjayi. Sitima ya Ilala yachiwiri, imene idayamba ntchito mu 1951, idadza kudzatseka mpata umene Vipya adasiya.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nambala ya 145 njosavuta kuitchula, koma aliyense mwa anthuwo adali ndi mudzi kumene ankamudikira. Mwa zonse zimene zili pabwalo la Boma, chikumbutso ichi ndicho chimakumbutsa za anthu wamba apaulendo. Asodzi a ku Nkopola, amene amaudziwa mwera kuti suchita chibale, safuna womasulira kuti achimve.

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965

Dziko lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo mpando wa DC udayamba kukhalidwa ndi Amalawi. Koma pasanathe miyezi itatu, nduna zingapo zidasemphana maganizo ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda. Mmodzi mwa iwo adali Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa mpingo wa Anglican, amene kwawo kudali ku Malindi, kutsidya la kuvuma kwa nyanja. Chipembere ankalidziwa bwino Boma limeneli, pakuti ali mnyamata adagwirapo ntchito mu ofesi ya DC asanasankhidwe kupita ku nyumba ya malamulo mu 1956. Ankayidziwanso ndende, popeza boma la atsamunda lidamutsekera mu 1959, ndiponso kuyambira 1961 mpaka 1963.

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 iye adalowa mu Fort Johnston ndi anthu pafupifupi 200. Adalanda polisi ndi positi ofesi, natenga mfuti ndi magalimoto, nkuyamba ulendo wa ku Zomba, limene lidali likulu la dziko nthawi imeneyo. Atafika ku Liwonde adapeza chombo choolotsa magalimoto chili kutsidya lina, ndipo asilikali a boma atafika gululo lidabwerera nkumwazikira m'mapiri. Chipembere adatuluka m'dziko chaka chomwecho, ndipo adamwalira ku Los Angeles, ku America, mu 1975. Mmodzi mwa otsatira ake, Medson Silombela, adanyongedwa ku Zomba mu 1966.

Amene adatsala ndiwo adalawa zowawa. Midzi yoganiziridwa kuti idabisa zigawenga idavutitsidwa, ndipo mu 1971 anthu a m'mudzi wa Moto adagwidwa mwaunyinji, amuna, akazi ndi ana, nkutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. M'zaka zomwezo, kuyambira ndi lamulo la mu 1969, makhoti otchedwa a miyambo adapatsidwa mphamvu yoweruza ngakhale milandu ya imfa, ndipo wozengedwa sankaloledwa kukhala ndi loya. Dzina lidali la miyambo, koma mwambo weniweni wa pabwalo, woti munthu aime ndi omuyankhulira, udali utachotsedwamo. Khoti lotere ndilo lidagamula mu 1983 kuti Orton Chirwa, amene adali nduna yoyamba ya zachilungamo, aphedwe pamodzi ndi mkazi wake Vera, ngakhale chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse.

Komabe mlandu suwola. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, makhoti aja adasiya kugwira ntchito, malamulo atsopano a dziko adakhazikitsa bwalo lopereka chipepeso kwa anthu amene adazunzidwa, ndipo msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe udatchedwa dzina la Masauko Chipembere. Chipepeso sichibweza wakufa, ndipo si onse adachilandira, koma zimene zinkanenedwa monong'ona zidayamba kunenedwa poyera.

Zimene zatsala

Woima pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene udamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, amaona zonse pamodzi: nsanja kumbuyo, mabwato a asodzi pansi, ndi msewu wokwera kumapiri a Namwera kutsogolo. Dzina la Fort Johnston lidafafanizidwa ufulu utabwera, ndipo tauni ndi boma lonse zidatenga dzina la Mangochi, phiri lija padali linga la Jalasi. Maina a Mponda, Makanjira ndi Jalasi akadali maina a maufumu m'boma lino, pamene la Johnston latsalira m'mabuku a sukulu. Adanenadi akuluakulu kuti mlendo ndi mame.

Koma phunziro la malowa silakuti eni dziko adali oyera ndipo alendo okha ndiwo adali olakwa. Padoko lomweli mfumu idagulitsa anthu, mtsamunda adatentha nyumba chifukwa cha masheleni atatu, ndipo boma la eni dziko lidatsekera mudzi wathunthu popanda kuufunsa mawu. Onse atatu adalakwa mofanana pa chinthu chimodzi: adagamula asanamve mbali ya wofooka. Ndipo onse atatu mbiri idadzawazenga mlandu, ena patapita zaka makumi atatu, ena patapita zaka zana.

Nchifukwa chake ndi bwino kuti agogo akamapita ku Boma azitengako mdzukulu mmodzi kapena awiri, ndipo zogula zikatha aime nawo pang'ono pansi pa nsanja. Mwana awerenge yekha zolembedwa pa zipilala, kenaka afunsidwe kuti ndani akusowa pamenepa. Akabwerera kumudzi akafunse achikulire ngati m'banja mwawo mudali wamtengatenga, wokwera Vipya kapena womangidwa mu 1965, pakuti mboni zotere zikutha chaka ndi chaka, ndipo madzi akatayika sawoleka. Mwana wophunzira kufunsa funso limeneli pa mbiri adzalifunsanso tsiku limene adzakhale nyakwawa, mphunzitsi wamkulu kapena majisitireti, munthu wosauka ataima patsogolo pake.